Sewero la Queer as Folk ndi Britain wa 1999

Usiku wa Lachiwiri, pa 23 February 1999, wailesi ya kanema ya Channel 4 ku Britain inaonetsa gawo loyamba la sewero lotchedwa Queer as Folk. Analilemba ndi Russell T Davies wa ku Swansea m'dziko la Wales, ndipo inalikonza ndi kampani ya Red Production Company ya mayi Nicola Shindler. Magawo ake anali 8, ndipo chaka chotsatira anawonjezera awiri. Ngakhale linali lalifupi chotero, pokamba za mmene amuna okonda amuna anzawo ankaonekera pa kanema wa m'dzikolo, anthu amagawa nyengo pawiri: seweroli lisanabwere ndi litabwera.

Dzina lake linachokera ku mwambi wakale wa kumpoto kwa England, wonena kuti palibe chodabwitsa choposa munthu. M'mwambiwo liwu lakuti queer limangotanthauza chachilendo. Koma kwa zaka zambiri liwulo linalinso chipongwe choponyera amuna otere, mpaka cha m'ma 1990 pamene otonzedwawo analitola n'kuyamba kudzitcha nalo okha. Davies anasanjikiza matanthauzo onse atatu m'dzina limodzi. Chichewa chilibe liwu loyenda ulendo wotero. Lakuti mathanyula limatchula mchitidwe, munthu n'kumusiya kunja, ndipo limatuluka m'kamwa litanyamula kale chiweruzo. N'chifukwa chake wofuna kulongosola nkhani popanda kutukwana amakakamizika kuzungulira ndi mawu atatu kapena anayi.

Kuti phokoso limene linabuka limveke, m'pofunika kukumbukira malamulo a nthawiyo. Mu 1967 England ndi Wales anasiya kuimba mlandu amuna awiri ogonana mobisika, malinga ngati onse akwanitsa zaka 21, pamene kwa mwamuna ndi mkazi malire anali zaka 16. Mu 1994 malire a amunawo anatsitsidwa kufika pa 18. Panalinso gawo 28 la lamulo la makhonsolo la 1988, m'nthawi ya Margaret Thatcher, loletsa makhonsolo kulimbikitsa chikondi chotere, ndipo aphunzitsi ambiri ankaopa ngakhale kuitchula nkhaniyi m'kalasi. Seweroli linafika Nyumba ya Malamulo ikukangana zofananitsa malirewo pa zaka 16, aphungu akuvomereza, a House of Lords akukana. Malamulo akale amene Britain ankawafafaniza pang'onopang'onowa ndi abale a aja anawalemba m'mabuku a milandu a Nyasaland ndi Northern Rhodesia cha m'ma 1930, omwe Malawi ndi Zambia akali nawo.

Nkhani yake ikuchitikira ku Manchester, mu msewu wa Canal Street, kumene kuli mabala ndi malo ovinira a amuna ndi akazi otere. Stuart Jones, amene anamusewera Aidan Gillen, ndi mwamuna wa ndalama zake, wogwira ntchito yotsatsa malonda, wodzikonda, wosagona pamodzimodzi. Vince Tyler, womusewera Craig Kelly, amagwira ntchito m'sitolo yaikulu, ndi wofatsa, ndipo wakhala akumukonda Stuart chamumtima kuyambira ali pasukulu osamuuza. Wachitatu ndi Nathan Maloney, mnyamata wa sukulu wa zaka 15, womusewera Charlie Hunnam.

Amuna okonda amuna anzawo anali ataonekapo kale pa kanema. Mu 1987, m'sewero la EastEnders, Colin, amene ankamusewera Michael Cashman, anapsompsona mnzake pamphumi, ndipo nyuzipepala zina zinalusa ngati kwagwa tsoka. Koma kawirikawiri munthu wotere ankakhala mmodzi pakati pa khamu, woseketsa kapena womvetsa chisoni, woikidwapo kuti owonera aphunzire kulolera. Davies anatembenuza zinthu. Pa Canal Street iwowa ndiwo eni mudzi, ndipo ena onse ndi alendo. Sanawayeretsenso: Stuart ndi wankhanza nthawi zina, amanama, amaiwala maina a amene wagona nawo. Usiku womwewo umene akumana ndi Nathan, akuthamangira kuchipatala kumene mnzake Romey, mkazi wokonda akazi anzake, wabereka mwana wake. Mayi a Vince, a Hazel, amavina limodzi ndi anzake a mwana wawo, pamene kwawo kwa Nathan bambo akulephera kuimeza nkhaniyo. Mphamvu ya seweroli ili pamenepa, ndipo mtima wake weniweni ndi chikondi chosanenedwa cha Vince, chimene aliyense amene anadikirapo munthu wosamuona akhoza kuchizindikira.

Chimene chinautsa mapiri pachigwa ndi Nathan. M'gawo loyamba lomwelo Stuart, wa zaka 29, akumutengera kunyumba kwake. Pa malire onse awiri, 16 ndi 18, mnyamatayo anali mwana. Odana ndi seweroli anapeza pogwira, ndipo ena mwa omenyera ufulu wa amuna otere anadandaula kuti lapatsa adani awo mkondo pa nthawi yolakwika. Kampani ya mowa wa Beck's, imene inkalipira seweroli, inachotsa dzina lake magawo asanathe. Oliikira kumbuyo ankati likuonetsa zimene zinkachitikadi kwa anyamata amene sukulu inawatsekera pakamwa, osowa kofunsa kupatula mumsewu. Mfundoyo ili ndi choonadi chake, komabe seweroli limamupeputsira Stuart mlanduwo kuposa mmene likanayenera, ndipo woliwonera lero amaima pamenepo nthawi yaitali kuposa owonera a 1999.

Patangopita milungu yochepa magawo oyamba atatha, pa 30 April 1999, bomba la misomali linaphulika mu bala ya Admiral Duncan ku Soho, mumzinda wa London, n'kupha anthu atatu. Ufulu wa pa kanema unali utatsogola, wa mumsewu ukali m'mbuyo. Malire a zaka anafananitsidwa ndi lamulo la 2000, boma litadutsa a House of Lords pambali. Gawo 28 linachotsedwa ku Scotland mu 2000, ndipo ku England ndi Wales mu 2003. Kunena kuti sewero ndilo linasintha malamulowa kungakhale kukokomeza, pakuti nkhondoyo inayamba kale. Ku America wailesi ya Showtime inakonza lake la dzina lomwelo, nkhani n'kuisamutsira ku Pittsburgh, ndipo linayenda kuyambira 2000 mpaka 2005.

Panali dandaulo lina lochokera kwa eni nkhani: Edzi, imene inali itatha anzawo ambiri, sinapatsidwe malo. Mnzawo Phil amamwaliradi m'seweroli, koma ndi mankhwala osokoneza bongo. Davies anachita dala, posafuna kuti miyoyo ya anthuwa izionedwa kudzera m'matenda okha. Anabwerera ku nkhaniyo patapita zaka 22, atadzutsanso kale Doctor Who, sewero limene Vince ankalikonda koposa. Mu January 2021 Channel 4 yomweyo inaonetsa It's a Sin, magawo asanu onena za anyamata amene anafika ku London mu 1981, kachilombo kasanapatsidwe n'komwe dzina.