Anthu Aafupi a m'Phiri la Mulanje Sanali a m'Nthano Zokha

Munthu wokwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula amalandira malangizo asanafike n'komwe pa Dziwe la Nkhalamba: ukapeza nthochi zakupsa kapena chakudya panjira, idya wekha, usaitane mnzako, usanyamule chotsala. Eni chakudyacho ena amati ndi mizimu, ena amati ndi Abathwa, anthu aafupi omwe kwina amatchedwa Akafula kapena Amwandionerapati. Akuti mmodzi wa iwo akakumana nawe amafunsa kuti wamuonera pati, ndipo wofuna moyo amayankha kuti wamuonera kutali, poti kumunena kuti ndi wamfupi n'kudziitanira muvi. Ambiri nkhanizi timaziika m'thumba limodzi ndi nthano za Kalulu ndi Fisi. Kumeneko n'kuzipeputsa. Za Kalulu zimaphunzitsa khalidwe, koma izi zasunga chikumbukiro cha anthu enieni omwe Amaravi anawapeza m'dziko lino.

Umboni wake uli m'mapanga. Ku Chongoni m'boma la Dedza, malo omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuli zojambula zofiira pamiyala zomwe akatswiri amati zinajambulidwa ndi alenje okhala kuno alimi asanabwere, ndipo n'zosiyana ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mu 1950 J. Desmond Clark anafukula mafupa a alenjewa paphiri la Hora ku Mzimba, ndipo ena anapezeka ku Fingira ndi ku Chencherere. Kafukufuku wa DNA wa mu 2017 anaonetsa kuti ena a mafupa a ku Hora ndi a zaka pafupifupi 8,100, komanso kuti magazi a anthuwo sakuonekanso mwa Amalawi omwe anayezedwa. Mtundu wathunthu unazimiririka. Nanga n'zodabwitsa kuti obwera pambuyo amaukumbukira ngati anthu obisala pamwamba pa phiri, osachedwa kupsa mtima, ofuna kupatsidwa ulemu?

Wotsutsa anganene kuti maganizo otere anayesedwa kale ku Ulaya ndipo anagwa. N'zoona. Kumeneko kulinso nthano za timizimu totuluka usiku wa pakati pa chilimwe, tomwe Shakespeare anatiika m'sewero lake la A Midsummer Night's Dream, ndipo mu 1890 David MacRitchie wa ku Scotland analemba kuti timizimuto tinali mtundu wakale wa anthu aafupi. Mafupa a mtundu wotero sanapezeke, choncho akatswiri anamukana. Kwathu mafupa alipo, zida za miyala zilipo, zojambula zilipo. Ndivomereza kuti mapanga ndatchulawa sali m'boma la Mulanje, ndiponso kuti nkhani ya msinkhu mwina ofotokoza anaithira mchere, monga amachitira olanda malo ponena za omwe anawalanda. Koma taonani kuti Amang'anja, Ayao a kwa Chikumbu ndi kwa Mkanda, ndi Alomwe omwe anadza mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, onse anagwirizana pa chimodzi: phirili lili ndi eni ake akale, ndipo wokwerako ndi mlendo.

Wophunzira wofuna kuwerenga za zimenezi patchuthi adzapeza mabuku ochepa, ndipo odziwika kwambiri ndi a m'Chingerezi. Laurens van der Post anakwera phirili mu 1949 atatumidwa ndi boma la Britain, ndipo buku lake la Venture to the Interior la mu 1952 limasimba imfa ya mzungu woyang'anira nkhalango amene anakokoloka ndi mtsinje. Ndi buku lokoma, koma anthu a ku Mulanje amaonekamo makamaka ngati amtengatenga. Land of Fire la Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe, la mu 1985, linasonkhanitsa nthano za m'Malawi mwaulemu. Steve Chimombo ndiye anazindikira kuti nthano ya kuphiri ingathe kunyamula mbiri: Napolo Poems linatuluka mu 1987, ndipo mu Marichi 1991 phiri la Michesi linagumukira Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Anthu anati Napolo, chilombo cha m'nthano za kuphiri, wadutsa. Sikuti sankadziwa kuti ndi mvula. Dzinalo linawakumbutsa kuti zoterezi zinachitikapo, monga ku Zomba mu 1946, ndipo zinabweranso ndi namondwe Freddy mu 2023.

Chitsutso champhamvu koposa n'chakuti ngati kuopa eni phiri kunali lamulo, bwanji mitengo ya mkungudza yatha paphirili? Koma macheka aakulu sanayambe ndi anthu oopa mizimu. Alexander Whyte atafufuza mtengowu mu 1891, boma la atsamunda linayamba kuucheka kuti limangire nyumba zake, ndipo mu 1927 phirilo linasanduka nkhalango ya boma, mphamvu n'kuchoka kwa mafumu kupita kwa olemba ziphaso. Lamulo loti idya chokukwana, usatute, linali la mlenje ndi wofula njuchi, osati la wamalonda a matabwa. Mu Julayi 2025 UNESCO inalemba phiri la Mulanje m'kaundula wake monga malo a chikhalidwe, ndipo chomwe inayang'ana kwambiri si kutalika kwa Sapitwa kwa mamita 3,002, koma miyambo ndi malo opatulika a Amang'anja, Ayao ndi Alomwe.