Kalata ya Mfumu Imene Inasanduka Chipata

Kalekale munthu wapaulendo sankadera nkhawa malire. Ankaopa achifwamba ndi mafumu a m'njira. N'chifukwa chake amene anali pafupi ndi mfumu ankapempha kalata youza aliyense wokumana naye kuti amulole kudutsa mwamtendere. Baibulo limasimba za Nehemiya, woperekera chikho wa Mfumu Aritasasta ya ku Perisiya, amene cha m'ma 445 Yesu asanabadwe anapempha makalata otere kuti akafike ku Yuda. Ku England nako lamulo la mu 1414, m'masiku a Mfumu Henry V, linatchula zikalata zoteteza apaulendo. Kalata imeneyi inali chishango cha mlendo, ndipo anthu wamba ambiri ankayenda opanda kanthu m'manja.

Sitima zapamtunda zitafala ku Ulaya, apaulendo anachuluka moti alonda a pamalire sanathenso kufunsa aliyense. France inasiya kufuna mapasipoti mu 1861, mayiko ena n'kutsanzira. Kupatula Russia, ufumu wa Ottoman ndi ena ochepa, munthu ankadumpha malire ali ndi tikiti yokha.

Zonsezi zinatha mu 1914. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka, maboma anachita mantha ndi akazitape komanso anyamata ozemba usilikali, ndipo analamula kuti wodutsa pamalire aonetse pasipoti. Pofika 1915 ya ku Britain inali ndi chithunzi cha mwini wake. Anthu anauzidwa kuti ndi zakanthawi chabe. Ngakhale nthumwi zimene bungwe la League of Nations linasonkhanitsa ku Paris mu 1920 zinkayembekezera kuti tsiku lina ziletsozi zidzachoka. Koma msonkhano womwewo ndi umene unagwirizana za kabuku ka masamba 32, ambiri mwa iwo opanda kanthu, odikira zidindo za viza. Kuyambira pamenepo chilolezo cha kwanu sichinakwanenso. Panafunika kuti kazembe wa dziko lomwe ukupitako avomere usananyamuke n'komwe.

Nanga munthu amene dziko lake lamukana? Mu 1921 boma la Soviet linalanda unzika anthu a ku Russia amene anathawa kwawo, mwakuti anatsala opanda chiphaso chilichonse. Fridtjof Nansen wa ku Norway anayambitsa mu 1922 chiphaso chapadera cha othawa kwawo, ndipo anthu pafupifupi 450,000 anachilandira. Ndi ntchito yaumunthu yoyenera kuikumbukira, makamaka poona zimene zinatsatira.

Mu May 1939 sitima yapamadzi ya St. Louis inanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, ambiri mwa iwo Ayuda othawa Hitler. Atafika ku Havana anapeza kuti boma la Cuba lafafaniza zilolezo zawo, ndipo ochepa okha ndi amene anatsika. United States inawakana, Canada nayonso. Sitima inatembenuka kubwerera ku Ulaya, ndipo 254 mwa iwo anadzaphedwa m'chipululutso cha Ayuda. Anthuwa sanalakwe chilichonse. Chimene anasowa ndi chidindo basi, ndipo amene anawamana ankati akungotsata malamulo.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, mayiko olemera anayamba kutsegulirana zipata. Pa 14 June 1985, m'mudzi wa Schengen ku Luxembourg, mayiko asanu, omwe ndi France, West Germany, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, anasainirana kuchotsa chipikisheni pamalire apakati pawo, ndipo zinayamba kugwira ntchito mu 1995. Koma pogumula mipanda yam'kati, mpanda wakunja anaukweza. Lero Mmalawi kapena Mzambia wofuna viza ya Schengen amalipira mayuro 90, amadinda zala, amaonetsa sitetimenti yakubanki, inshuwaransi yachipatala yofika mayuro 30,000 ndi umboni woti adzabwerera kwawo. Akamuvomera, amaloledwa masiku osaposa 90 pa masiku 180 alionse. Akamukana, ndalama ija sibwerera.

Katundu ameneyu amalemera kwambiri pamutu pa osauka, ndipo akunkirankira. Amalawi ankalowa ku Britain popanda viza mpaka mu 2006. Mu August 2025 United States inayamba kuyesa njira yoti ena ofuna viza yokacheza kapena yamalonda aziyamba apereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chodzabwezedwa akatuluka m'dzikomo nthawi yake isanathe. Mayiko oyamba kuikidwa pamndandanda umenewo anali Malawi ndi Zambia.