Mlandu wa Standard Oil

Mlandu wa Standard Oil ndi womwe boma la America linasumira kampani ya mafuta ya John D. Rockefeller chifukwa chophangira malonda. Pa 15 Meyi 1911 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti kampaniyo iphwanyidwe, ndipo munatuluka makampani 34.

Rockefeller anayambitsa kampaniyi mu 1870 mumzinda wa Cleveland, ku Ohio. Masiku amenewo ndalama zinali pa palafini wa m'nyale, osati petulo. Patangotha zaka khumi, pa migolo 10 iliyonse ya mafuta oyengedwa m'dzikolo, pafupifupi 9 inkadutsa m'manja mwake.

Mphamvu zake zinagona pa njanji. Poti katundu wake anali wochuluka, ankapangana mseri ndi eni sitima kuti azimubwezera gawo la ndalama zonyamulira. Nthawi zina ankalandiranso kangachepe pa mgolo uliwonse womwe opikisana naye atumiza, ndiye kuti mnzake akamalipira sitima, ankanenepetsa yemweyo amene akufuna kumugwetsa. Wamalonda akachita makani, Standard inkatsitsa mtengo m'dera lake lokhalo mpaka atafooka n'kugulitsa bizinesi yake.

Madandaulo a alimi ndi amalonda ang'onoang'ono anabala lamulo la Sherman mu 1890, loletsa mapangano otsekereza ena pa msika. Poyamba lamuloli linalibe mano. Amene anautsa mkwiyo wa anthu ndi mtolankhani Ida Tarbell, yemwe bambo ake anali m'gulu la amalonda a mafuta oponderezedwa ku Pennsylvania. Kuyambira mu 1902 iye ankasindikiza zomwe anafukula m'magazini ya McClure's, ndipo mu 1906 boma la Theodore Roosevelt linakamang'ala kukhoti.

Oweruza anati kukula kokha si mlandu. Cholakwa ndi kutsekereza ena m'njira zopyola muyezo. Akatswiri amatsutsanabe za chigamulochi, pakuti palafini anatsika mtengo kwambiri m'zaka zomwe Standard inkalamulira msika. Ena amati wogula sanapwetekedwe, ena amati kutchipa sikufafaniza chinyengo cha pa njanji.

Chodabwitsa n'chakuti Rockefeller sanasauke. Analandira masheya m'makampani onse atsopanowo, mitengo yake inakwera, chuma chake n'kuchulukirachulukira. Awiri mwa makampaniwo, omwe pambuyo pake anatchedwa Exxon ndi Mobil, anaphatikizananso mu 1999.