Tisataye Kompyuta Ija Tisanatulutse Zam'madisiketi

Anzanga a m'zaka za m'ma 1990 mukuikumbukira kompyuta ija inkakhala mu ofesi ya a hedimasitala, yofunditsidwa nsalu ngati mwana wodwala malungo. Inali ya mtundu wa 486, umene kampani ya Intel inatulutsa m'chaka cha 1989. Ife tinkangoisuzumira pawindo pamene a kalaliki ankalemba makalata ndi WordPerfect 5.1, zilembo zoyera pagalasi lobiriwira ngati thambo, nawerengera ndalama za fizi mu Lotus 1-2-3. Za intaneti zinali zisanamveke, pakuti MalawiNet inayamba m'chaka cha 1997. Ine kompyuta ndinakaigwira koyamba ku Polytechnic, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS.

Tsono komiti yathu yafunsa ngati makinawa atayidwe. Achimwene athu ang'onoang'ono akuti n'kungodzaza malo, poti kuli DOSBox, pulogalamu ya m'chaka cha 2002 imene imachititsa kompyuta ya lero kugwira ntchito ngati yakale. Ndinaiyesa kunyumba kwanga ku Namiwawa, ndipo sakunama. WordPerfect inatseguka bwinobwino, zala zanga n'kukumbukira zokha kuti F10 ndiyo yosungira, F7 yotulukira. Kwa wofuna kungokumbukira kale, zimenezi n'zokwanira.

Koma DOSBox singalowe m'katoni ya madisiketi ili m'sitolo ya sukulu, m'mene muli mayina a ophunzira, zotsatira za mayeso a JCE ndi MSCE, ndiponso nkhani zimene tinkalemba m'magazini ya sukulu. Madisiketi aang'ono aja a mainchesi 3.5, amene Sony inaleka kupanga m'chaka cha 2011, angawerengedwe ndi kachipangizo kolumikiza pa USB. Aakulu opindika aja a mainchesi 5.25 ndiwo ovuta: njira yapafupi kwa ife ndi makina akale omwewa. Ndiponso disiketi siidikira munthu. Mwa anga khumi a ku koleji, chinyezi ndi nkhungu za m'dzinja zinandisiyira anayi okha.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti wina asafulumire kuiyatsa. Makina ambiri a nthawi imeneyo ali ndi kabatire m'kati kamene kakakalamba kamadontha n'kudya mawaya. Mwa ife alipo amene anaphunzira zamagetsi. Ayambe aitsegula iwowo, tikopere zonse, kenaka tikambirane za kumene ikakhale. Galimoto yokaitengera ndipereka ine.