Kudwazika

Mawuwa amachokera ku kudwala, ndipo amatanthauza kusamalira wodwala: kumuphikira phala, kumusambitsa, kugona naye pafupi. Koma mayi wa ku Malowera amene amupeza ndi khansa ya m'mawere sadwala bere lokha. Tulo samatiwona poganiza za ulendo wa ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kapenanso ku Maputo, kumene chithandizo cha radiotherapy chinayamba mu 2019. Ana atsala ndi yani? Bere akalichotsa, mwamuna akhalabe? Ena amanong'onezana kuti analodzedwa, iye n'kumabisa chotupacho m'nsalu mpaka chitaphulika. Kwa ine, wodwazika weniweni amakhala pamphasa n'kumvetsera nkhawazi, osafulumira kunena kuti "limbani mtima."