ERP: pulogalamu imodzi yoyendetsera kampani yonse

Ngati mukusaka ntchito ya akawunti, mwina mwaonapo mawu oti "akhale wodziwa SAP". SAP ndi imodzi mwa mapulogalamu a ERP, chidule cha Enterprise Resource Planning. Ntchito yake ndi kusunga za malonda, katundu, malipiro a antchito ndi ndalama pamalo amodzi.

Imagwira bwanji?

Tiyerekeze holoselo ya ku Limbe. Wogulitsa ali ndi buku lake, wosunga katundu lake, akawuntanti ali pa Excel. Mwezi ukatha manambala sagwirizana, basi kulozana zala. Pa ERP, kasitomala akagula matumba 50 a shuga, pompo chiwerengero cha katundu chimatsika ndi 50, invoisi imatuluka ndi VAT yake, ndalama n'kulowa m'mabuku. Wooda katundu amaoneratu kuti shuga watsala pang'ono.

Inachokera kuti?

Inayambira m'mafakitale m'zaka za m'ma 1960, pomwe makompyuta ankawerengera zipangizo zofunika. Kampani ya SAP inakhazikitsidwa ku Germany mu 1972 ndi anthu 5 omwe ankagwira ntchito ku IBM. Dzina loti ERP linabwera ndi a Gartner mu 1990. Lero palinso Oracle ndi Microsoft Dynamics. Odoo ya ku Belgium ndi ERPNext ya ku India zili ndi mtundu waulere, koma wokuikirani, seva ndi intaneti mumalipira ndithu.

Pomwe zimavutira

Mu 1999 kampani ya chokoleti ya Hershey ku America inathamangira kuyamba sisitimu yatsopano nyengo ya Halloween itayandikira, ndipo inalephera kutumiza maoda a pafupifupi madola 100 miliyoni.

Kwathu kuno, IFMIS ya boma ndi ya banja lomweli. Pa Cashgate ya 2013, pomwe inkayendera pulogalamu ya Epicor, ena ankalowetsa malipiro a makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, cheke chikatuluka n'kufufuta umboni. Pambuyo pake boma linasamukira ku IFMIS yatsopano ya SAP.

Ndiye ERP payokha sigwira wakuba. Aliyense azikhala ndi pasiwedi yake, wolowetsa malipiro asakhale yemweyo wovomereza, ndipo pazikhala wina woyang'ana zomwe zasinthidwa kapena kufufutidwa. Mukadzapeza ntchitoyo, pasiwedi osabwereketsa, olo kwa abwana: chilichonse cholowetsedwa nayo chimalembedwa m'dzina lanu.