Likodzo: Dzina Limene Agalu Angobwereka

Likodzo ndi mawu a banja limodzi ndi kukodza, mkodzo ndi chikhodzodzo. Kwa azaumoyo, dzinali ndi la nthenda imodzi yokha: ya tinyongolotsi tochokera m'nkhono za m'madzi, timene timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa kumtsinje. Mankhwala ake ndi praziquantel, aja amagawa m'sukulu.

Koma pakamwa pa anthu mawuwa anatambasuka. Kwa Nsabwe ku Thyolo, mlonda akaona galu wake akukodza magazi, sachedwa kunena kuti ndi likodzo. Apa dzina limasocheretsa, chifukwa likodzo la m'chikhodzodzo ndi la anthu. Galu wokodza pafupipafupi, modontheza ndi movutikira, makamaka wamkazi, kawirikawiri amakhala ndi mabakiteriya monga E. coli m'chikhodzodzo, ndipo praziquantel sawachita kanthu. Pamafunika amoxicillin kapena Bactrim, pamlingo wolingana ndi kulemera kwa galuyo. Malangizo a bungwe la ISCAID a mu 2019 amati masiku 3 mpaka 5 akwana ngati matendawo sali obwerezabwereza. Mkodzo ukakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, galu atafooka, nkhama zitayera, ganizirani matenda a nkhupakupa. Wosiyanitsa ndi mlangizi wa ziweto.

Mphaka ndiye osamuthamangira ndi makapisozi. Amphaka ambiri osakalamba ovutika pokodza sakhala ndi mabakiteriya n'komwe. Wamwamuna akamadzikakamiza koma osatuluka ngakhale dontho, njira yatsekeka, ndipo angafe m'masiku ochepa. Panado musamuyese, amapha mphaka.